Utsi wa Pulofesa Matache

Ndikayamba kunena za chipinda chapansi chija mtima umandithamanga, ndiye mundipirire ndikakweza mawu.

Chipindacho chili pansi pa nyumba ya sayansi pa yunivesite yathu, kuseri kwa malo oimika njinga. Muli makompyuta akuluakulu a kafukufuku, oimikidwa m'makabati achitsulo, ongolira usana ndi usiku. Tinawapatsa dzina loti Claca, mawu athu otanthauza dima, pamene mudzi wonse umalima munda wa uyu lero, wa uyo mawa. Dzinalo ndinapereka ndine. Ndinenso ndinayenda ofesi ndi ofesi kunyengerera anzanga kuti aleke kubisa makina pansi pa madesiki awo ngati nkhuku zofungatira. Ndalama za kafukufuku sizibwera kwa yunivesite yonse, zimagwera munthu mmodzimmodzi amene wapambana mpikisano. Choncho tinapangana kuti wogula makina aziwabweretsa m'chipinda chimodzi, yunivesite izilipira magetsi ndi zoziziritsa, ndipo makina a munthu akakhala opanda ntchito, wina aliyense aziwagwiritsa. Ntchito zonse zimaima pamzere umodzi kudikira malo. Chifukwa cha pakamwa pangapa anandisankha kukhala wapampando wa komiti yake, mpando wopanda malipiro, wongolandirirapo madandaulo. Dzina langa ndi Ilinca, ndimaphunzitsa za nyengo.

Amene ndikumulirira m'nkhani ino ndi Sanda. Anali wophunzira wanga, koma pa nthawiyo n'kuti atatenga kale udokotala wake. Anzake onse a m'kalasi mwake anali atapita, wina ku Munich, wina ku Lyon, wina ku Toronto. Iye yekha anatsala, ndipo anatsala mwadala. Kwawo ndi kumapiri a mphesa kum'mwera kwa mzinda wathu, kumene matalala amatha kugwa masana amodzi n'kusiya banja lopanda kanthu chaka chonse. Sanda ankafuna kudziwa kuti ndi mtambo uti umene ugwetse matalala pa mudzi uti, nthawi ikadalipo yoti anthu ayale maukonde pamwamba pa mphesa zawo. Kuti atsimikize njira yake, ankayenera kuiyesa pa mikuntho yonse ya zaka zambiri zapitazo, ndipo zimenezo zimafuna makina ochuluka kugwira pamodzi kwa masabata angapo osadukiza.

Kontrakiti yake inkatha nthawi yothyola mphesa. Mpata wa ntchito yokhazikika unalipo umodzi, ndipo kuti munthu aupikisanire ankafunika pepala lalikulu la kafukufuku, dzina lake lili patsogolo. Popanda makina panalibe pepala, ndipo popanda pepala kunali kukwera basi ya ku Germany, kumene anali atamuitana kale.

Ntchito yake inaima pamzere kuyambira chisanu chisanathe. Isitala inadutsa, mitengo inaphuka, ntchito ili pomwepo. Chifukwa chake chinali chodziwika. Makina oposa theka a Claca anali a Pulofesa Matache wa kemisitiri, amene anapata ndalama zambiri za bungwe la mayiko la ku Brussels, ndipo makina akewo, onse omatidwa timapepala tabuluu ta nyenyezi, chizindikiro cha opereka ndalamawo, sankapuma ngakhale pang'ono.

Tsiku lina m'mawa Sanda analowa mu ofesi yanga atanyamula covrigi ziwiri zotentha, buledi uja wamchere wopindidwa ngati mphete, n'kundipatsa imodzi.

“Amayi Ilinca, munaonapo nkhumba yodya tsiku lonse koma osapita kuthengo?”

“Iwe, ndikudya ine.”

“Ndikunena ntchito za a Matache. Zadya magetsi miyezi yonseyi, koma pitani mukaone zimene zatulutsa. Palibe. Ngakhale kachidutswa.”

Ntchito yeniyeni imasiya zotsatira, imadzaza malo osungira, mwini wake amabwera kudzalira kuti malo amuthera. A Matache anali asanabwerepo kudzalira. Monga wapampando ndinali ndi chilolezo chosuzumira mkati mwa ntchito iliyonse, chilolezo chimene ndinali ndisanagwiritsepo chifukwa cha ulemu. Tsikulo ulemu ndinauika pambali. Ndinapeza kapulogalamu kakang'ono, koti mwana wa sekondale angalembe podikira basi. Kankawerenga kuyambira pa wani, kukwera mpaka nambala yaikulu, kenako n'kuyambiranso pa wani. Makina onse aja, magetsi onse aja, phokoso lonse lija, zinali zimenezo basi.

Covrigi ija sindinaimalize. Ndinakwera masitepe mpaka ku ofesi ya a Matache ndili wefuwefu, n'kulowa osagogoda.

A Matache ndi munthu wamkulu, watsitsi loyera bwino, wonunkhira sopo wodula. Anandiphunzitsapo ine ndili chaka choyamba, ndipo mpaka lero amandiona ngati kamtsikana kochedwa m'kalasi.

“Ilinca, mwana wanga! Khala pansi. Khofi? Akazi anga aphika timakeke ta maula, talawa.”

“A Pulofesa, makina anu akuwerenga manambala ngati ana a mkaka.”

Sanadzidzimuke n'komwe. Anangomwetulira, n'kundikankhira mbale ya timakeke.

“Waona eti? Ndimadziwa kuti ndiwe wanzeru. Tamvera. Bambo anga ankagwira ntchito pa fakitale ya simenti nthawi ya chipani chimodzi. Miyezi ina kunalibe malasha, kunalibe miyala, kunalibe chilichonse. Koma akamva kuti akuluakulu adutsa pa sitima, ankatuta matayala akale n'kuwotcha kuti chumuni ifuke. Fakitale yosafuka ankaitseka, mwana wanga. Ife tinakula ndi utsi umenewo, ndi umene unandilipirira sukulu.”

“Chipani chinatha ine ndili mwana, bambo.”

“Sitima sinathe. Amene anapereka ndalama amabwera kudzaona ngati makina akugwira ntchito. Akawapeza atakhala, amati tinanama kuti tikuwafuna. Akawapeza akugwira ntchito za anthu a kunja kwa pulojekiti, amafunsa mafunso ena. Ukufuna ndibweze ndalama? Ndizitenge kuti?”

“Ndiye munawabweretseranji ku Claca? Yunivesite ikulipira magetsi a utsi wanuwo! Pali mwana akudikira pamzere kuyambira nthawi ya chisanu!”

“Aa, kamtsikana ka matalala kaja.” Anapukuta zala pa kansalu. “Njira ilipo, yoyera bwinobwino. Alowe mu pulojekiti yanga. Mawa lomwe makina onse ndi ake. Kungoti ntchitoyo ikhala chipatso cha pulojekiti, ndipo dzina la mkulu wa pulojekiti limakhala patsogolo. Mwambo umenewu sindinauyambe ndine. Iwenso pepala lako loyamba, dzina la ndani linali patsogolo?”

Apa m'pamene ndinamvetsa zonse. Munthuyu sankangofukitsa utsi kuti a pa sitima auone. Pulojekiti yake inalibe chipatso ngakhale chimodzi choti akaonetse, ndipo ankadziwa kuti akadzaza makina n'kudekha, wina wa ntchito yeniyeni adzafika pakhomo pake njala itamukwana. Unali msampha, ndipo nyambo yake inali makina ogulidwa ndi misonkho ya anthu.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, Ilinca,” anatero ndikutuluka. “Umuuze adekhe. Nthawi yake idzafika, ngati mmene yako inafikira.”

Ndinamenyetsa chitseko mpaka chikwangwani cha dzina lawo chinapendekeka.

Sanda ndinamuuza zonse osachotsapo kanthu, chifukwa dzina linali lake, osati langa. Anamvetsera ali chiimire pawindo.

“Dzina lawo patsogolo? Munthu woti matalala amangowadziwa akaswa galasi la galimoto yake?” Anaseka, koma maso ali ofiira. “Ndipo dzina langa likakhala lachiwiri, ntchito ija sindiipezabe. Ndiye ndiwapatse zaka zanga zonse kuti andipatse chiyani? Timakeke ta maula? Mukawauze kuti ndakhuta, amayi.”

Ndinaitanitsa komiti. Ndinaonetsa kapulogalamu kaja pakhoma kuti aliyense aone ndi maso ake. Ndinawerenga lamulo lathu, limene tonse tinavomereza, loti ntchito yongotsekereza malo wapampando aichotse. Ndinayembekeza kuti wina amenya tebulo. Palibe amene anamenya. Wina ankakanda foni yake, wina ankayang'ana kudenga ngati kuli kulembedwa mayankho. Potsiriza a Stancu a fizikisi anatsokomola.

“Amayi wapampando, nkhaniyi ndi yofunika kuiona mofatsa. Mwina tisankhe kagulu koti kakaiunike bwino, katipatse maganizo chaka chikamayamba.”

“Chaka chikamayamba mphesa zidzakhala zili m'migolo, a Stancu!”

“Musandikalipire ine, si ine ndinalemba kapulogalamuko.”

Aliyense ankadziwa kuti a Matache amakhala mu komiti yokweza anthu pantchito, koma palibe anatchula. Titatuluka, a Stancu anandigwira mkono pakhonde n'kundinong'oneza kuti nawonso Lachisanu lililonse amasiya kantchito kopanda pake pa makina awo, kuti Lolemba asapeze mlendo atakhalapo. “Kang'onong'ono, Ilinca. Aliyense amatero. Mbuzi imadya pamene aimangirira.” Ndinachotsa dzanja lawo pa mkono wanga. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma athuwa anali udzu wouma.

M'mawa mwake ndinatsikira kuchipinda chapansi. Doru, amene amasamalira makinawo, anali pa desiki yake akudya buledi wopaka zacusca, msuzi wokhuthala wa mabiringanya ndi tsabola. Ndinamuuza kuti achotse ntchito zonse za a Matache.

“Amayi, ine ndili ndi ana. Mphamvu ndi zanu, dinani nokha.” Anadzuka pampando, n'kupita kukaima pakhomo ndi buledi wakeyo, kuti akadzafunsidwa adzanene kuti anali panja.

Ndinadina ndekha. Makabati a nyenyezi aja anayamba kutsika mawu limodzilimodzi, mpaka ndinamva kawailesi ka Doru kakuimba, kamene ndinali ndisanakamvepo m'chipinda chimenecho. Kenako mzere unasuntha. Ntchito ya Sanda inalowa, makina anayambanso kulira, ndipo kwa ine kulira kwake kunali kwina ngakhale ndikudziwa kuti n'kumodzimodzi. Si Sanda yekha. Mnyamata wina wa za majini ndi mayi wina wa za zivomezi, amene anali atataya kale mtima, ntchito zawo zinalowanso tsiku lomwelo. Mayiyo anandibweretsera maluwa.

Masiku amenewo anali okoma, sindikana. Sanda ankabwera m'mawa uliwonse ndi mapu atsopano. Anandionetsa mkuntho umene unawononga munda wa bambo ake iye ali kusekondale, ndipo njira yake inauona ukubwera, inalozanso phiri lake lenileni. Anaimbira foni bambo akewo ndili pomwepo. Ndinamva mkuluyo akufunsa kuti, “Ndiye chaka chamawa uzitiuza, eti?” Sanda anati, “Ndizikuuzani, ababa.”

A Matache sanandiimbire foni, sanandikalipire, ndipo titakumana pamasitepe anandivulira chipewa. Anapita kwa mkulu wa yunivesite. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma mawu oti kubweza ndalama za ku Brussels amagwetsa mphwayi mkulu aliyense. Lamulo linatsika loti makina ogulidwa ndi ndalama za pulojekiti apatulidwe kuti atetezeke.

Ndinaganiza kuti awapatula pa kompyuta pokha. Ayi ndithu. Kunabwera amisiri owotcherera ndi mawaya ndi zitsulo, n'kuyamba kumanga khola pakati pa chipinda chathu. Khola lenileni, la chitseko ndi loko. Ndinaima patsogolo pawo.

“Simungathimitse magetsi! Muli ntchito ya munthu, yapitirira theka!”

“Mayi, ife atituma,” anatero wamkulu wawo, ndudu ili kukhutu. “Tiwotcherere magetsi ali oyaka kuti tipse? Kadandauleni kumtunda.”

Kumtunda ndinapita. Mlembi wa mkulu wa yunivesite anati bwana ali pamsonkhano. Ndinadikira pa benchi mpaka miyendo inachita dzanzi, ndipo pobwerera ndinapeza chipinda chili chete, fungo la chitsulo chopsa lili ponseponse, Sanda atakhala pansi pa simenti atatsamira khoma.

Walira mvula walira matope, ndikudziwa, ndipo anthu ambiri anandiuza zimenezo ndi nkhope zachisoni zabodza. Koma matope enieni sanachokere kwa a Matache. A Stancu ataona khola lija anati nawonso makina awo ndi a pulojekiti. A kemisitiri ena anatsatira, kenako a zomangamanga. Amisiri aja anabwera mobwerezabwereza mpaka anazolowerana ndi Doru n'kumadya naye. Chilimwe chisanathe chipinda chathu chinali ngati msika wa nkhuku, makola okhaokha, lililonse ndi loko yake. Ku Claca kunatsala makina akale ochepa amene ndinagula ine kalekale, ena ofa mbali imodzi.

Tinayesa. Zimene Sanda anasunga magetsi asanathime tinaziika pa makina akalewo, ndipo titaona liwiro lake tinangoyang'anana. Mphesa zikanathyoledwa, n'kuthyoledwanso, ntchito isanathe. Tinapempha malo ku mayunivesite ena, anati mizere yawo ndi yodzaza. Ndinapita kwa a Stancu, ine wapampando, kukapempha ngati wamasiye. Anati akanakonda, kungoti makina awo ali otanganidwa kwambiri masiku ano.

Tsiku lopereka mapepala a mpikisano linafika n'kudutsa. Ntchito yokhazikika ija anaipereka kwa mnyamata wa a Matache, waulemu, wovala bwino, amene dzina lake ndinali nditaliona pamwamba pa kapulogalamu kowerenga kaja.

Ndipo popeza malipoti ankaonetsa kuti makina a a Matache sapuma, opereka ndalama anaona kuti munthuyu akuperewedwa, n'kumuwonjezera ena. Mwambo wowatsegulira unagwera tsiku lomwe Sanda ankanyamuka. Ndinaitanidwa monga wapampando, ndipo ndinapita kuti ndione mmene manyazi amathera. Panali riboni, panali vinyo, panali wansembe ndi kamtolo kake ka masamba onunkhira ndi mbale ya madzi odalitsa. Doru ankamutsatira pambuyo akunong'ona, “Abambo, chonde pa makina ayi, pa makina ayi.” Wansembeyo, munthu womva, anawaza pa khola, madzi n'kumadontha pa loko. Mkulu wa yunivesite anayamba kulankhula. Anati Claca ndi chitsanzo cha mmene ophunzira a dziko lino amagwirira ntchito limodzi ngati makolo athu kumudzi, ndipo anandiloza kuti anthu andiwombere m'manja.

Anawomba. A Matache anawomba kuposa onse.

“Matayala mwagula okwanira, a Pulofesa?” ndinafunsa mokweza, kuti wansembe yemwe amve.

“Ilinca, mwana wanga, wamwa kale?” anatero, anthu n'kuseka.

Ndinaika tambula yanga pamwamba pa kabati yawo yatsopano n'kutuluka.

Basi ya ku Germany aliyense mumzinda muno amaidziwa, imaima kuseri kwa siteshoni ya sitima. Panali amayi opita kukasamalira nkhalamba za eni, anyamata opita kukamanga nyumba za eni, ndi Sanda ndi masutikesi ake awiri. Bambo ake anali atabwera kuchokera kumudzi ndi dengu la mphesa zoyamba, ndipo ankakangana ndi dalaivala kuti dengulo likwere. Atandiona anavula chipewa.

“Ndinu aphunzitsi ake? Akuti kumeneko makina aliko ambiri. Akamaliza abwera, eti?”

Ndinayang'ana Sanda, ndipo iye anayang'ana matayala a basi. Tonse awiri tinkadziwa kuti kumeneko akamaliza m'masiku ochepa, ndipo akamaliza adzamupatsa mitambo ya kumeneko ndi minda ya kumeneko.

“Ndikanangowasiya a Matache aja, Sanda,” ndinayamba, koma anandidula.

“Mukanawasiya ndikanakwerabe basi yomweyi, osadziwa n'komwe kuti njira yanga imagwira. Musandilirire pano, amayi, anthu aganiza kuti ndamwalira.” Anandikumbatira mwamphamvu, kenako anatulutsa kakhadi kake kotsegulira chipinda chapansi n'kundiika m'manja. “Mukampatse Doru. Ndipo mukandionereko kuti a Pulofesa afika pati powerenga. Mwina atulukira nambala yatsopano.”

Basi inanyamuka. Mkulu wa dengu la mphesa uja anaima ndi chipewa m'manja mpaka inakhota, kenako anayang'ana kumwamba, monga amachitira anthu a kumapiri a mphesa akangotuluka panja, n'kupita kukakwera sitima yake.

Ine ndinabwerera kuchipinda chapansi. Alendo anali atapita, riboni ili pansi, tambula yanga ili pomwe ndinaisiya. Makola onse ankalira mokweza, akale ndi atsopano omwe, moti Doru anachita kukuwa pondipatsa moni. Akuluakulu anali asanandilande chilolezo chosuzumira, ndiye ndinakhala pa desiki ya Doru n'kutsegula. Khola la a Stancu linali lodzaza, la a zomangamanga lodzaza, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene linkatulutsa kanthu. Kapulogalamu kaja anali atabwerekana.

Ndinatsegula la a Matache kuti ndimuonere Sanda zimene anandituma. Anali atangoyambiranso pa wani.